Katoni ya Pafupi ndi Makina

Lolemba, 3 Malichi

Akulemba ndi aphunzitsi opuma, anansi anga. Ine zilembo zimandivina m'maso. Ndawauza kuti asakometse mawu anga.

Kabatani waimba foni. Mwana wanga mmodzi yekhayo, dokotala wa ana. Kuwodi anachokako, akuti ana amafika zinthu zitaonongeka kale. Tsopano akumenyera lamulo loti anamwino akusikelo aziphunzitsa makolo kucheza ndi makanda. Akuti ubongo umakula ndi mawu. Akufuna ndikayankhule pamaso pa aphungu. Ine, telala wolekezera kalasi yachiwiri.

Lachinayi, 6 Malichi

Mantha. Ndingamuchititse manyazi mwana. Aphunzitsi andikonzera mawu akuluakulu oti ndiloweze. Lilime likukana. Jekete ndasita kawiri.

Ndakumbuka mayi ake atamwalira, iye ali ndi miyezi isanu. Ndinkamugoneka m'katoni ya zidutswa za nsalu, pafupi ndi makina osokera. Tsiku lonse kumuuza: uwu ndi ulusi wofiira, kolala iyi yapotoka, mwini thalauzali mimba yamukulira. Makasitomala ankati, "Atelala mutu wazungulira, akukambirana ndi khanda." Sindinkamuphunzitsa ayi. Ndinkasowa woyankhula naye.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kunyumba ya malamulo. Chipinda chozizira, mipando yozungulira, aliyense ndi botolo lake la madzi. Kabatani anaonetsa zithunzi za ubongo wa ana, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. Itafika nthawi yanga, zoloweza zonse zinathawa. Ndinangofotokoza za katoni. Phungu wina wadazi anafunsa ngati khandalo linkayankha. Ndinati, "Bwana, linkayankha. Mpaka lero silinasiye, mwalimva nokha ola lathunthu." Onse kuseka. Kabatani anaweramitsa mutu. Kaya ndamuonongera.

Lachisanu, 28 Malichi

Masiku onsewa foni zii. Lero Kabatani wabwera yekha, nsapato zili fumbi, wakhala akuyenda m'zipatala. Lamulo silinadutse lonse, koma aphungu alola kuliyesa kaye m'zipatala khumi ndi ziwiri. Anamwino akufuna zidole zansalu zopatsa makolo, akufunanso ndikawaonetse mmene ndinkachezera ndi khanda. Ndinamufunsa za kuwerama kuja. Anati, "Ababa, dokotala salira pamaso pa aphungu. Ndimabisa misozi."

Zidole mazana atatu zoyambira. Maso ndi okalamba, koma zala zikukumbukira.

Aphunzitsi, tsekani kopelo. Gwirani uko titulutse makina, ndiwathire mafuta.