Kodi Atate Anatupa?

Highlands, Livingstone
14 Okutobala

Okondedwa achimwene Lazarus,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Mchinji. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ife kuno tilipo, koma ine mtima suli m'malo. Ndalemba kalata dala, chifukwa pafoni inu mumazemba nkhani.

Paja ndimasamala maluwa pa loji ina kuno. Abwana anga, Ba Nakatindi, analetsa kupopera mankhwala, ati tizilombo tikutha m'tauni. Ngodya ina tinasiya kutchetcha, n'kuunjikapo zipika zoboolaboola. Ndiye kubwera kwake alendo! Njuchi, tinjuchi tosaluma tokonda thukuta, agulugufe, mavu ofiira, mavu akuda oumba timiphika pakhoma. Azungu amachita kugwada pozijambula, ngati ajambula akwati. Ine ndinkangoseka.

Lachiwiri lapitali ndikukoka paipi pansi pa mtengo wa mandimu, kamavu kamodzi kokha kanandiluma pakhosi. Ndisanafike pageti milomo inali itatupa, maso atatsekeka, mpweya ukuvuta kudutsa. Ba Mutumba, dalaivala wathu, ndiwo anandithamangitsira kuchipatala. Namwino anati ndikanachedwa pang'ono bwenzi mutalandira uthenga wina, ndipo ndikadzalumidwanso zikhoza kufika poipa. Kenaka anafunsa ngati kwathu alipo amene anatupapo chotere. Ndinati ndikafunsa kumudzi.

Chichokereni kuchipatalako ndikungoganiza za atate. Tsiku lija anapita kukafula uchi osabwerako amoyo, munali nawo ndinu, ine ndinali wamng'ono. Kumudzi ankati anawalodza chifukwa cha munda, inu kuli zii mpaka lero. Pempho langa ndi limodzi, mundiuze zimene munaona. Kodi anatupa nkhope? Kodi ankabanika?

Sindikudzifunsira ndekha. Mwana wanga Ivy akaweruka kusukulu amabwera kuntchito kuno, poti kunyumba kulibe womusiyira. Amathamangitsa agulugufe pangodya ija wopanda nsapato. Dzulo anandibweretsera chisa cha mavu chouma, ati n'chokongola. Ndinamukalipira mpaka analira. Ntchito sindingaisiye, ndi imene tikudyera.

Nonse mumati Ivy anatenga nkhope ya atate. Achimwene, ndikuopa kuti anatenganso magazi awo.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma zakuchipatalazi musawauze. Moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse.

Ndine mlongo wanu wodikira yankho,
Mervis