Galimoto Imanyamuka Lachinayi

Chinakanaka,
Mulanje.
26 Okutobala 2025

Okondedwa achimwene Hopewell,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Mzuzuko. Kuno dzuwa laswa mtengo, tiyi wa m'maesiteti akudikira mvula, koma ine ndili bwino kupatula bondo lija.

Munafunsa ngati ndikuyendetsabe galimoto imene anandisiyira malemu alamu anu. Ndikuyendetsa, koma mwa lamulo. Petulo atakwera mtengo, ndinaima pamzere pa Chitakale maola asanu. Mwa magalimoto makumi atatu amene ndinawerenga, ambiri munali munthu mmodzi yekha. Onse ankatukwana mitengo, koma panalibe wodzifunsa kuti mafuta a dzulo anawawotchera chiyani. Mtengo sindingautsitse, koma injini ndimailiza ndine. Choncho ndinatengera nzeru za aminibasi: yanga imanyamuka Lachinayi lokha, ndipo ikadzaza. Wofuna kuchipatala, kubanki kaya kumsika amanena msanga. Mafuta amene ankatha pa sabata tsopano akukwana mwezi. Anansi anavomereza, ndipo a Mahamadi ankandiseka kuti, "Aphunzitsi, mwangosowa kondakitala basi. Ndilembeni ntchito, mawu ndili nawo."

A Mahamadiwo mukuwakumbukira: amuna awo a Binti, a kuseri kwa mpanda wathu, telala amene ankakusokerani makabudula a sukulu. Atisiya Lachitatu.

Lachiwiri m'mawa a Binti anabwera. Anakhala pakhonde, tinalonjerana, anafunsa za bondo, anafunsanso za inu. Kenaka anati, "Achemwali, abambo kunyumbaku chifuwa chawavuta pang'ono. Pang'ono ndithu. Kaya galimoto ili ndi ulendo?" Ndinati ulendo ulipo Lachinayi, alipo kale awiri, iwo adzakhala achitatu. Anati, "Zikomo, ndi pang'ono chabe." Anawomba m'manja, napita.

Mawu oti pang'ono anawatchula katatu. Ndinawawerenga, koma sindinawamve. Kwathu kuno mukukudziwa: munthu waulemu sanena kuti wodwala wake ali kayakaya. Amati pang'ono, ndipo wakumva amadzambatuka. Mayi athu akanasiya ndiwo pamoto.

Masana mwana wawo Khalidi anawakweza a Mahamadi pa njinga yamoto ya kabaza, iye kumbuyo atawagwirira, dzuwa lonse lija mpaka kuchipatala kuboma. Anagonekedwa, m'mawa mwake n'kumwalira. Namwino wina amene ndinamuphunzitsa ndinamufunsa ngati maola amenewo akanasintha kanthu. Anati sangadziwe. Ndalemba monga ananenera.

Anzathu achisilamu sagoneka maliro. Lachitatu lomwelo ndinatulutsa galimoto n'kukaimika pakhomo pawo kuti ithandize. Khalidi anabwera pazenera, nawerama mwaulemu ndithu. "Amayi, zimitsani injini, mafuta akupita pachabe. Thupi tabwera nalo kale, ndipo jeneza, chithatha cha maliro, timanyamula pamapewa." Ndinazimitsa. Ndinakhala ndi amayi anzanga mpaka madzulo. A Binti anandipatsa dzanja monga anapatsira wina aliyense.

Lamulo sindinalichotse, poti mafuta sanatsike ndipo kuwononga n'kuwonongabe. Ndangowonjezera kuti wodwala sadikira Lachinayi, kaya wanena pang'ono kaya wanena kwambiri. Ndauza anthu kutchalitchi lero. A Binti sindinawauze. Pa mwambo wawo akhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, kotero sitikumana mwangozi kumjigo kapena kumsika. Ndiyenera kupitako ndekha. Dzulo ndinafika pa kampata ka mpanda, ndinaona kuti mtengo umodzi wadyeka ndi chiswe, ndinabwerera kukatenga wina.

Ndalama za mafuta musatumize mwezi uno. Thanki ikadali pamwamba pa theka.

Moni kwa alamu, muwauze kuti mbewu ya nandolo anapempha ndawasungira. Moni kwa Takondwa, alimbikire mayeso. Ndipo mukamaimba foni kwa a Binti kupepesa maliro, poti nambala ndi yomwe ija, muwauze kuti Sheila akupereka moni. Akayankha, mundilembere mawu awo enieni. Musachotsepo, musakometse.

Ine mlongo wanu,
Sheila