Fayilo ya Katemela wa Ng'ombe

Lolemba, 7 Okutobala

Malaiti apita m'mawa monga mwa masiku onse. Ndagwila ntchito mpaka laputopu inazima yokha. Pulogalamu yathu yotumiza mauthenga a katemela wa ng'ombe pa foni iyenela kutuluka Lachisanu, koma mayeso sanathe.

Mwezi watha uthenga unalakwitsa tsiku. Alimi a ku Luembe anakusa ng'ombe mtunda wonse uja, dzuwa lili pamutu, n'kukapeza kulibe dokotala. Amene anatukwanidwa ndi amai Hellen, poti ndiwo amayendela alimi ku Nyimba. Ndiye tinagwilizana kuti mayeso azilemba iwo mu fayilo: mudzi wakuti, tsiku lakuti, uthenga ukhale wakuti. Kompyuta iziwelenga fayiloyo n'kuona ngati pulogalamu ikutumiza zomwezo. Vitalis, mkulu wanga wa pa ntchito ku Lusaka, akuti fayilo ikhale ya kalembedwe kochedwa JSON basi, ndiyo yozoloweleka.

Lachiwili, 8 Okutobala

Amai Hellen andiimbila ndisanasambe n'komwe. "Karen mwana wanga, mabulaketi onsewa ndi achani? Ine ndikufuna Luembe, ndikungoona minga." Anafufuta bulaketi limodzi mwangozi, mayeso onse anafiila, kusonyeza kuti alephela. Masana onse ndathela kulisaka. Maso akuwawa.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndasintha, ndawatumizila ya kalembedwe kena, YAML. Ilibe minga, imaoneka ngati mizele ya m'kope. Anakondwa. Koma iyi imawelenga mipata ya kumayambililo kwa mzele, ndipo foni yawo inameza mipata iwili pomwe ankakonza ali pa njinga yamoto kumidzi. Zofiila kachiwili.

"Cholakwa chili pati? Ine sindikuona kanthu."
"Ndi mpata, amai."
"Mpata nawo umalakwa?"

Ndinauza Vitalis. V. akuti: "Ingolemba wekha, uleke kuvutika." Ndilembe ndekha bwanji? Dzina la dibi la ng'ombe la ku Luembe sindilidziwa, Chinsenga cha m'mauthenga sindingachikonze.

Lachinayi, 10 Okutobala

Mutu ukuwawa. Amai Hellen akuti zikapitilila chonchi abwelela kumauza alimi pakamwa, mauthenga tikhale nawo ife. Sanakalipe, anangonena motopa. Zinandiwawa kuposa kukalipa.

Lachisanu, 11 Okutobala

Sitinatulutse. V. wakwiya, wandipatsa mpaka Lolemba. Ndalembanso fayilo yonse mu kalembedwe kachitatu, TOML. Mzele uliwonse umaima pawokha: mudzi = "Luembe", tsiku = lakuti. Mipata ilibe nayo ntchito. Pa foni sindifotokozanso, mailo ndipita ndekha.

Loweluka, 12 Okutobala

Minibasi ya ku Nyimba inadzaza mochedwa, thumba la nyemu la munthu wina lili pa mapazi anga. Ndinawapeza amai Hellen pakhonde akusenda nthochi zophika. Ndinangowapatsa foni yawo fayilo ili yotsegula.

Anawelenga mokweza, pang'onopang'ono, chala chili pa galasi. Kenako anati, "Tsiku ili si la Luembe. Lachiwili kuli msika, palibe angabwele." Anafufuta, analemba Lachinayi, osandifunsa. Ndinayendetsa mayeso pa laputopu. Anafiila, koma nditayang'ana ndinaona kuti fayilo ili bwino. Pulogalamu ndiyo inali ikutumizabe Lachiwili. Ndiyo ntchito yake mayeso. Ndinakonza pomwepo, tinayendetsanso: zobiliwila, mayeso adutsa. Amai anangoti, "Ehe," n'kundikankhila mbale.

Pobwelela kwathu ku Petauke ndinakhala pawindo, ndinati nditseke maso pang'ono. Ndinadzidzimuka kondakitala akundigwedeza phewa. "Sisi, simunati Petauke? Apa ndi pa Sinda." Ndinatsika, chikwama kumsana. Foni inalila ndili m'mbali mwa msewu. Amai Hellen atumiza fayilo ija, awonjezela midzi ina okha, akufunsa ngati ndingayendetse. Ndakhala pa benchi ya wogulitsa mbatata, laputopu pa maondo, basi yobwelela sinafike. Ndayendetsa. Zobiliwila.