Bwera Udzawaimike Atate

Mualadzi, Chifunde
Julayi 1999

Wokondedwa mlongo wanga Jester,

Ndikukulonjera chifukwa ndi mmene anatilerera, koma dziwa kuti ndakwiya nawe. Uli bwanji ku Chipata kumeneko? Nanga mlamu wanga Anastácia ndi ana? Kuno tilipo, chimanga takolola. Alamu ako a Bento ali bwino, mwinanso kupitirira muyeso. Amene sali bwino ndi Amayi, ndipo wawadwalitsa ndiwe.

Usachite ngati wadabwa. Ndikunena za chimakina chako chamasewera chija unabwera nacho pa Pasaka, chimene unati unatola kwa mwini bala ina itatsekedwa. Kathabwa kobiriwira kodzaza mawaya, kandodo koyendetsera ndi mabatani ofiira, basi iwe kunyada ngati wabwera ndi ng'ombe. Unati nkhondo inatha, ana a ku Mualadzi nawonso aone zimene anzawo akuona m'tauni. Ndinakufunsa kuti uchilumikiza pati, poti pakhomo pano tivi ndi imodzi yokha. Unangoseka n'kunena kuti alongo musade nkhawa.

Utalumikiza, tindege ta m'masewerawo tinkauluka chogona, malemba onse atapendekeka. Ana ankapinda makosi ngati nkhuku za chitopa. Unatifotokozera mwaulemerero kuti masewera amenewo anapangidwira galasi loimirira, lalitali kupita m'mwamba, osati lotambalala ngati la tivi yathu. Unati kuti tindege tiimirire, tivi iyenera kugona chammbali.

Munadikira kuti ine ndipite ku msonkhano wa amayi ku parishi. Iwe unasolola galasi la tivi m'chikuto chake, a Bento anakhoma chibokosi chachitali ngati munthu, munalimangirira m'menemo chogona. Poopa akuba, miyendo ya bokosilo munaikwirira mu simenti. Pobwera ndinapeza simenti yauma, iwe wakwera kale njinga.

Amuna awiri akuluakulu, palibe ndi mmodzi yemwe anakumbukira kaseti ya Atate.

Iwe unatsala ku Zambia pamene ife tinkabwerera, ndiye mwina sudziwa kulemera kwa kaseti imeneyo. A Padiri anajambula Misa yothokoza chaka chimene tinachoka ku msasa wa othawa nkhondo wa Ukwimi. Amene ananyamula mtanda patsogolo pa onse ndi Atate, atavala jekete lija lalifupi manja, ataima njo. Chithunzi china cha Atate tilibe, zonse zinapsera m'nyumba yakale. Atate atamwalira chaka chatha, Amayi anagulitsa mbuzi zawo kuti tigule tivi, vidiyo ndi batire. Sanagulire mpira kapena mafilimu, anagulira kaseti imodzi yokhayo.

Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankakhala pampando osavula n'komwe nsapato, ine n'kuwaikira kaseti. Atate akatulukira, Amayi ankawauza za kumunda, za mvula, za amene wabereka. Nthawi zina ankawadzudzula chifukwa cha jekete lija. Kenako ankadzuka ali opepukidwa n'kukasenga nkhuni.

Lamulungu loyamba iwe utachoka, ndinachotsa waya wa masewera n'kulumikiza vidiyo monga mwa masiku onse. Jester, Atate anatulukira atagona. Mutu unaloza kukhomo, mtanda nawo utagona. Mitundu inali itasokonekera chifukwa cha kutembenuza kwanuko, nkhope yawo mbali ina yobiriwira, ina yofiirira. Ndipo anali m'bokosi lamatabwa atsopano, lokhomedwa ndi a Bento omwewo amene anakhoma bokosi lawo la maliro.

Amayi anayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti ndani wawagonekanso m'bokosi. Anatuluka, tsiku limenelo sanadye.

Ndinawauza a Bento kuti aphwasule zimene anakhoma. Anati unawachenjeza kuti kumbuyo kwa galasi kumatsalira moto wamagetsi ngakhale batire itachotsedwa, ndipo wokhudza molakwika atha kufa. Ndinatenga khasu kuti ndikumbe simenti, bokosi lonse ligone, chithunzi chiwongoke. Anandigwira mkono, akuti galasi likagwedezeka liphulika. Ndinapalasa njinga mpaka ku Chifunde kwa wokonza mawailesi. Anamva nkhani yonse n'kunena kuti womanga ndi amene amasule, iye sakufuna kudzatchulidwa galasi la mwini likafa.

Koma usaganize kuti alamu akowo akudandaula. Munthu wa imvi m'ndevu, matabwa a anthu aunjikana osapalidwa, iye ali pa kandodo lilime lili panja. Ana a mudzi wonse adzaza pakhonde. Kuyambira masana mpaka batire itatha m'nyumba mwanga mumangomveka mfuti ndi mabomba, ana akukuwa kuti mupheni, mupheni. Iwe unali kumsana kwa Amayi tsiku limene tinathawa koyamba, pa nkhondo ya Apwitikizi, sukumbukira kanthu. Iwo akukumbukira. Phokoso likayamba amakakhala kuseri kwa nkhokwe, m'nyumba yawo yomwe awathamangitsa ndi zidole.

Zonsezi ndikanapirira, ndikanadikira Khirisimasi kuti ndidzakukalipire pamaso. Chandilembetsa kalata ino ndi zimene ndinaona Lamulungu lapitali.

Ndinachedwa kutchalitchi pokonza maluwa. Pofika pakhomo ndinapeza zii, ana onse atawapirikitsa. Amayi anali atawakakamiza a Bento kuwaikira kaseti. Nditalowa ndinawapeza atayala mphasa kutsogolo kwa chibokosi chako, atagona chammbali, tsaya lili pansi, adakali ndi nsalu yawo ya kutchalitchi ndi nsapato. Anagonera mbali ya chiuno chodwala chija, poti mbali inayo Atate amaoneka chadodolido.

Ndinawafunsa kuti Amayi mukutani. Anandiuza kuti ndikhale chete, akagona chonchi amawaona ataimirira. Anali kuwauza za zokolola, mawu akutuluka movutikira. Kaseti itatha analephera kudzuka okha, tinachita kuwanyamula awiri.

Madzulo ake anandiuza moseka kuti mwina Atate atopa kugona okha, n'chifukwa chake akuwaphunzitsa kagonedwe. Iwo anaseka, ine sindinaseke. Kuyambira tsiku limenelo akudya pang'ono ndipo amachedwa kudzuka. Ndili ndi mantha, Jester, ndipo manthawo ndi amene andikwiyitsa chonchi.

Ndikudziwa kuti sunachite dala. Unafuna kutisangalatsa, ndipo ana akusangalaladi. Koma unabwera ndi nzeru zako zam'tauni osafunsa kuti m'nyumba muno tivi ndi yandani, imagwira ntchito yanji. Unaona tindege tagona, mtima unakupweteka. Tsopano agona ndi makolo ako onse awiri.

Mwezi wamawa kuli Misa yokumbukira Atate. Abale a ku Nsadzo akubwera, amalume ndi azakhali, ndipo onse akuyembekeza kudzaona kaseti. Undiuze, ndidzawayalire mphasa akuluakulu onsewo kuti agone pamzere?

Usanditumizire uthenga wofotokoza waya woti ndidule. Usanditumizirenso shuga kapena sopo, tili nazo. Ubwere wekha ndi zitsulo zako zomwe zija, usolole galasi, ulibwezere m'chikuto chake, likhale pathebulo mmene linalili. Chimakina chakocho ukafuna ubwerere nacho, ukafuna uwagulire alamu ako galasi lawolawo akaligoneke ku shedi ya matabwa.

Undiperekere moni kwa Anastácia ndi ana, uwauze kuti azakhali awo sanawakwiyire iwo. Amayi akuti ndikupatse moni, ndipo akuti ndisakukalipire chifukwa ndiwe mwana. Moniwo ndapereka. Mulungu akusunge panjira, koma usachedwe. Bwera udzawaimike Atate, Amayi adakatha kudzuka.

Ndine mlongo wako,
Feliciana