Kromu Wofiira wa Alamu Anga

3 Juni 2023
Mzimba. Mphepo. Mwamuna wanga Jonasi wakhanso kamfuno, kachitatu sabata ino. Tsiku lonse kuwerama pa thanki ya mkulu wake Stafford, kuviika zogwirira zapulasitiki za mabokosi a maliro kuti ziziwala ngati chitsulo. Mankhwala ake kromu 6, wofiira uja. Amaboola mphuno, amadzetsa khansa. Ndinamva ku yunivesite, osati kuchigayo.

5 Juni
Ndawauza alamu kuti tisinthe, tiyambe kromu 3, wobiriwira, wosaopsa kwambiri. Yankho, pamaso pa antchito: "Mlamu, digiri siwala. Wobiriwirayo ngwakuda, ofedwa akana. Mbwenu basi, kaphunzitseni ana." Ine! Mphunzitsi wa kemisitiri, kulangizidwa ndi munthu amene ku Joni ankatsuka matanki. Mawuwo ndasunga.

17 Juni
Kizito, mnzanga wa ku koleji, wanditumizira wobiriwira pa basi. Ndatenga zogwirira sikisi zopaka kale nikelo, ndamalizira kusukulu: ndowa, batire, mawaya. Zawala. Kuderako pang'ono, koma anayeza ndani bokosi lili paphewa?

24 Juni
Ndazisakaniza ndi zawo. Kwabwera akalipentala a ku Edingeni. Alamu kufufuza mu katoni, kusankha chowala bwino, kuchikweza padzuwa n'kuchitama: "Cha ku Joni ichi, chakutowa chomene." Changa! Kunsi kuli kadontho kanga ka penti. Akalipentala atenga zonse sikisi. Ndiulula pa msonkhano wa banja mwezi wamawa, apongozi ali pomwepo. Mawu ndalemba kale, masamba awiri.

6 Julaye
Kuchipatala. M'mphuno mwa Jonasi muli chilonda, kutsala pang'ono kubooka. Akuti asayandikirenso thanki. Milungu iwiri ndakhala pa umboni, kunola mawu, iye akupuma nthunzi ya wofiira uja. Zimenezi m'masamba awiri aja mulibe.

8 Julaye
Alamu alowa okha pa thanki. Akuti Jonasi ngwofooka. Ndawonjezera tsamba lachitatu.

29 Julaye
Msonkhano ndi mawa. Lero masana alamu pakhomo, chipewa m'manja. Kansalu pamphuno, madontho ofiira. "Mlamu, wobiriwira uja amagula kuti?"

Masamba atatu ali pathebulo pomwepo. Ndawapatsa mpando. Nambala ya Kizito ndailemba kuseri kwa tsamba loyamba, n'kuwapatsa.

Atembenuze okha.