Achimwene akulonjeza zomwe chiyankhulo chathu sichingathe

Aphungu,

Ine ndi achimwene anga, a Kathiresan, tinapanga chiyankhulo chathuchathu cholembera mapulogalamu a makina. Ndi chaching'ono, ndipo ntchito yake ndi kuyendetsa mapampu othirira m'minda ya kokonati kuno kwathu. Pulogalamu ikalembedwa timaiika m'kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, n'kukatsekera m'bokosi la pampu. Bokosilo likangotuluka pakhomo, zatha. Kumindako kulibe intaneti yoti n'kukonzera cholakwika uli kutali, umachita kukwera basi.

Wolemba mapulogalamu ndine, achimwene ndiwo pakamwa pa kampani. Tsamba lathu la pa intaneti analemba ndi iwo, ndipo pamwamba penipeni anaikapo mawu akuti: "Chiyankhulo chimodzi cha makina alionse." Ine ndinkangoseka.

Mwezi watha kunabwera a Velusamy, mmisiri wokonza zipangizo pa kachipatala kena ka ku Pollachi. Akupanga makina otsika mtengo ofunditsira ana obadwa masiku asanakwane, ndipo akufuna kuti chiyankhulo chathu chiziyang'anira kutentha kwake. Ndinawauza kuti nthawi zina pulogalamu yathu imaima n'kudziyambanso yokha. Pampu ikapuma pang'ono, kokonati safa. Koma khanda? Iwo anangoti, "Mayi, pa tsamba lanu munalemba kuti makina alionse. Kapena ndinawerenga molakwa?"

Atachoka ndinati, "Achimwene, mawu aja tichotse." Anandiseka. "Iwe mwana, munthu wabwera ndi miyendo yake, iwe n'kumamuopseza? Wofunsira mbeta unamumvapo akuulula kuti mnyamatayo amaliza mkonono?" Amayi nawo, akuthira khofi, anaponyapo lawo: "Usamuchititse manyazi mkulu wako. Anakulera ndani bambo ako atamwalira?"

Aphungu, ine ndatsimikiza mtima. Pulogalamu ya makandayo sindilemba, ndipo mawu aja achoka basi. Tsambalo ndikhoza kulisintha ndekha lero lomwe osauza munthu. Koma ndikatero, tidzakhaliranso pamodzi pa chakudya? Ndipo achimwene akuti ndikakana apeza wina woti alembe. Ndiyambire pati?

M.K., Coimbatore

Okondedwa M.K.,

Mwachita bwino kukana, ndipo pamenepo musasunthepo. Mawu a pamwamba pa tsamba si zokongoletsa ayi. Munthu woona mtima wawakhulupirira kale, mpaka akufuna kugonekapo ana a eni.

Yambani ndi a Velusamy, osati ndi tsamba. Aimbireni lero, kenaka muwalembere zomwezo momveka: chiyankhulo chanu chimaima nthawi zina, sichinayesedwe pa zipangizo za chipatala, ndipo inu amene munachipanga simukuvomereza. Musawasiye m'malere, popeza cholinga chawo n'chabwino. Alozereni kwa akatswiri a zida za chipatala, amene ntchito yawo imayamba yayesedwa ndi oyang'anira isanafike kwa wodwala.

Za kusintha tsamba mobisa, iwalani. Mukatero nkhani idzasanduka ya mlongo wachipongwe, za makanda n'kuiwalika. Achimwene anu muwaitanire ku malo anu a ntchito, amayi palibe. Lumikizani kachipangizo kanu ku babu yotenthetsa, muike choyezera kutentha pambali, ndipo aone ndi maso awo zomwe zimachitika pulogalamu ikaima. Muwafunse kuti ngati m'makina ofunditsira aja mukanagona mwana wawo, akanati chiyani.

Pomwepo muwapatse mawu atsopano, olemberatu. Mwina akhale otere: "Chiyankhulo cha mapampu ndi makina a kumunda. Chaching'ono, chosavuta, chosafuna intaneti. Si cha makina osunga moyo wa munthu." Alekeni awakometsere, poti luso la pakamwa ndi lawo, koma chiganizo chomalizacho asachikhudze. Mawu omwewo muziwamata pa bokosi lililonse lotuluka pa kampani panu. Mlimi akamva kuti chinthu anachipangira iyeyo, sathawa.

Akakanabe, auzeni pamaso, mwaulemu, tsiku limene musinthe tsambalo, ndipo likafika sinthani. Amayi muwauze kuti simukunyoza amene anakulerani, mukuwatchinjiriza ku mlandu umene sangausenze.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire kuti kunyumba mugwirizane kaye musanaimbire a Velusamy, chifukwa wina woti alembe pulogalamuyo sasowa. Achimwene anu akakwiya, pofika chikondwerero cha zokolola cha Pongal adzakhala atakhululuka. Mayi wa khanda sadzakukhululukirani.

Aphungu