Ufa mwathira msanga pa mlandu wa Gildo

Maputo, 9 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji ku Chiwanga? Mwendo uja wasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, koma mtima suli m'malo.

Ndaona chithunzi chimene mlamu Ines wanditumizira pafoni: mchimwene wanga Gildo mutu uli mbuu ndi ufa, inu mukululutira kuti wapambana mlandu. Amayi, ufawo mwathira msanga. Mlandu sunathe ayi.

Ndinafunsa mnzanga Mércia, amene timapemphera limodzi ndipo amaphunzira zamalamulo. Iye akuti juwizi, woweruza mlanduwo, sananene kuti Gildo sanayanike usipa pamchenga woletsedwa uja, pafupi ndi nyumba za alendo. Anangokana kumulanga, poona kuti lamulo loletsalo likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Juwizi akatero, nkhani imakwera kuno ku Maputo, kwa oweruza otchedwa Konselyu, amene ntchito yawo ndi kuyeza malamulowo. Akanena kuti lamulolo lilibe vuto, mlandu ubwereranso, ndipo Gildo akhoza kutsekeredwa.

Tsono ndikumva kuti mchimwene wangayo wamanganso mathandala oyanikapo usipa pomwe paja, aakulu kuposa oyamba, ndipo akuitana anzake kuti boma lagonja. Gildo ndi makani ake! Kodi boma limagonjera munthu wa bwato limodzi? Amene anamuneneza aja sanasamuke. Akuona, ali chete, ndipo chete wawoyo ndi amene akundiopsa.

Dzana ndinadutsa panyumba ya oweruzawo ndili m'shapa, minibasi ya kuno. Ndinayang'ana mawindo aja n'kudzifunsa ngati mmenemo muli ndi mmodzi yemwe amene anaonapo usipa ukuwola chifukwa chosowa poyanika. Misozi inalengeza. Mércia akuti yankho likhoza kutenga miyezi, ndipo palibe angalosere.

Pempho langa ndi limodzi. Ine sangandimvere, amati ndine wa m'tauni. Inu muuzeni aphwasule mathandalawo, aziyanika kuseri kwa nyumba yanu ngakhale kuli kothina, mpaka yankho litatuluka. Fulumirani anadya gaga, Amayi. Ana ake atatu aja adzawadyetsa ndani iye ali m'kati?

Mundiperekere moni kwa amalume ku Msumba, azakhali ku Nkholongue, mlamu Ines ndi ana onse.

China ndimafuna kukubisirani, koma ndalephera. Kwamveka kuti juwizi uja amusamutsira kutali. Akamugwiranso Gildo, pampando paja adzapezapo munthu wina.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Clotilde